Anaika maliro a mkazi wanga iye ali moyo

Amene amandidziwa angakuuzeni kuti ine si munthu wokometsera nkhani. Zimene ndalemba panozi zinachitikadi, ndipo amene anaziona alipo mpaka lero m'mudzi wina kufupi ndi Senga Bay.

Ine ndi mkazi wanga tinapita ku Joni titangokwatirana, chifukwa pepala langa la kukoleji linkangogona m'sutikesi osandipezera ntchito. Ine ndinkagwira ntchito m'sitolo ya zitsulo, iye ankasoka zovala. Patapita nthawi anayamba kutupa miyendo ndi nkhope, ndipo madokotala anati impso zake zasiya kugwira ntchito. Kuyambira pamenepo moyo wathu unali wa kuchipatala, kumakina otsuka magazi. Ndinkamusambitsa, kumudyetsa, kumunyamula popita kuchimbudzi, ndipo m'mawa uliwonse tinkagwirana manja n'kupemphera, iye kuyambitsa, ine kutsiriza. Kudziko la eni, kopanda m'bale woti akulandireko, munthu ungadalire ndani ngati si Mulungu?

Tsiku lina anakomoka, ndiye anamusamutsira kuchipinda cha odwala kwambiri. Ine ndinkangokhala pabenchi panja pa chipindacho, foni itathima, zotchaja osaziganizira n'komwe. Masiku omwewo mayi wina wa kwathu, amene tinkapemphera naye, anabwera kudzazonda. Anapeza bedi lakale lija atayalula, mulibe munthu. Sanafunse nesi, sanandifunefune, anangotuluka akulira n'kuimba foni kumudzi kuti zavuta.

Kwawo kwa mkazi wanga ndi asodzi. Munthu akamira panyanja thupi osapezeka, amakulunga thunthu la nthochi m'nsalu yake n'kuliika m'manda kuti maliro athe, anthu abwerere ku ntchito zawo. Nthawi imeneyo nyengo yopha nsomba ku chilumba cha Mbenji inali pafupi kutsegulidwa, ndipo amalume a mkazi wanga, omwe ndi mwini mbumba, sakanatha kukwera boti maliro ali pakhomo. Iwo anati thupi la ku Joni silibwera, ndi angati anaikidwa komweko? Anayesa foni yanga, sinapezeke, basi adzukulu anakumba. Anatenga chitenje chimene mkazi wanga anasiyira mayi ake, anakulungamo nthochi, anthu anaimba, anadya, anabalalika.

Mkazi wanga atatsitsimuka, choyamba chimene anapempha chinali kumva mawu a mayi ake. Nditayatsa foni, mauthenga achipepeso anangokhuthuka, ndipo pakati pawo panali chithunzi cha mtumbira wa nkhata, pamtanda pali dzina lake. Ndinayang'ana chithunzicho, ndinayang'ana munthu amene anali patsogolo panga akumwa madzi ndi supuni.

Ndinatuluka panja n'kuimbira amalume aja. Ndinkaganiza kuti afuula ndi chimwemwe, koma anati ndawaika m'mavuto. Anati munthu amene waikidwa m'manda sayankhulana ndi amoyo mpaka mandawo atafukulidwa, mankhwala atawazidwa, apo ayi woyankhula naye amutsatira. Mwambowo sungachitike iwo palibe, ndipo iwo anali atafika kale pachilumba, maukonde ali m'madzi. Anati tidikire nyengo ithe. Ndinawauza kuti wodwalayu sangadikire usipa ndi utaka wawo, iwo anangoti netiweki ikuvuta.

Ndinaimbira apongozi anga. Anali atamva kale kuti mwana wawo ali moyo, ndipo anandilandira bwino, anafunsa ngati wodwalayo akudya, koma nditangoti mwana wanu ndi uyu, yankhulani naye, foni inaduka. Ndinayesanso mawa lake, chimodzimodzi. Kenako anasiya kuyankha. Mayi amene anamubereka, kuopa mawu a mwana wake yemwe ngati mzukwa? 

Mkazi wanga sanali wopusa, ankaona nkhope yanga, ndipo ndinamuuza zonse. Atamva anati, "Ndiye kuti kwathu ndinafa kale. Amuna anga, tiyeni tipemphere, Mulungu yekha ndi amene akundiwerengerabe pa amoyo."

Tinapemphera. Iye sankapempheranso zochira, ankangopempha kuti mayi ake achotsedwe mantha. Foni ankagona nayo pachifuwa, ikangolira ankadzidzimuka n'kufunsa ngati ndi iwo. Ine ndinkavomera ameni ndi pakamwa, mumtima muli nseru yokhayokha, ndipo ndinkamuuza Mulungu choncho osabisa, kuti anthu awa andinyansa, andigwire ndisatukwane. Ndikhulupirira kuti anandigwiradi, chifukwa ndinapitiriza kumusamalira ndi manja odekha mpaka tsiku lomaliza.

Anamwalira nyengo ya ku Mbenji isanathe, mawu a mayi ake osawamva. Anzathu a kutchalitchi anandithandiza kubweretsa thupi kumudzi. Pamenepo amalume aja anapezeka msanga, boti linapezeka, mankhwala anapezeka. Adzukulu anafukula manda omwe aja ine ndikuona. Nthochi ija inali itasungunuka, yakuda, ikuchucha madzi, mphutsi zikuyenda m'chitenje, fungo lake anthu anagwira mphuno. Anaikokera pambali ndi khasu n'kutsitsira mkazi wanga m'dzenje lomwelo.

Apongozi anga anadzigwetsa pansi, akugubuduka m'fumbi, akulira kuti mwana wanga, bwanji wapita osanditsanzika? Ine ndinawayandikira n'kunena motsitsa, "Amayi, anakuimbirani." Sindinadye pamaliropo.

Lero ndikukhala ku Salima konkuno, ndimapempherabe, ngakhale kuti pemphero la kukhululuka limandikakamira pakhosi. Sindikhulupirira kuti nthochi ija ndi imene inapha mkazi wanga, anafa ndi impso. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti mantha amatha kumulanda munthu mwana wake imfa isanamulande. Inu amene muli ndi abale kunja, musalire maliro musanamve kwa amene ali pambali pa bedi. Ndipo wodwala akakuimbirani, kaya mwauzidwa zotani, yankhani foniyo.