Khutu la a Harun

A Harun Bakali anakulira m'tauni ya Dedza, komwe madzi akuya omwe ankawadziwa anali a m'chitsime basi. Ali ndi zaka makumi awiri anakwera lole ya matabwa kupita ku Mozambiki. Padoko lina kumeneko anaphunzira ntchito yolowa pansi pa nyanja kukawotcherera zitsulo, ndipo anaigwira zaka khumi ndi zinayi osavulalapo.

Chaka chotsatira, kampani yawo inkakhomera mizati yachitsulo pansi pa nyanja ndi chinyundo cha makina. Phokoso lake m'madzi limatha kuboola khutu la munthu. Kunabwera injiniya wina, mayi Nomsa, ndi kompyuta yomwe anaiphunzitsa ndi miyeso yambirimbiri kuti izilosera mmene phokoso limayendera m'madzi. Anawaonetsa a Harun mapu opakidwa mitundu.

"Pofiirapa musafikepo," anatero a Nomsa. "Inu mukagwira apa pobiriwira. Phokoso likamafika pamenepa limakhala litatha mphamvu."

"Munakayezapo?" anafunsa a Harun.

"Kompyuta yawerengera."

A Harun analowa m'madzi. Chinyundo chitagunda koyamba, anamva ngati wina wawamenya ndi thabwa m'mutu. Anzawo anawavuula magazi akutuluka m'khutu. Zinadziwika pambuyo pake kuti pansi pamenepo panali thanthwe, pomwe kompyuta anaiuza kuti pali matope. Matope amameza phokoso, thanthwe limalibweza.

A Nomsa anabwera kuchipatala maso ali psuu. Poti a Harun sankamva, analemba papepala kuti, "Ndikhululukireni. Ndiuzeni zonse zomwe zinachitika, kuti tikonze." A Harun anafotokoza pomwe anali, kuya kwake, ndi mbali yomwe anayang'ana. Sanawakalipire, koma sanawauzenso kuti akhululuka.

Lero amagulitsa mbatatesi pa Chimbiya pamodzi ndi akazi awo, a Rehema. Khutu lakumanzere linaferatu, lakumanja limalira ngati nyenje tsiku lonse. Minibasi ikaima, ogula amakuwa pawindo, iwo n'kumangoyang'ana. Pomwe a Rehema azithamangira, wina amakhala atagulitsa kale. Kumzikiti amakhala kutsogolo kuti aziona milomo ya shehe.

Mwezi watha a Nomsa anatumiza uthenga pafoni, kunena kuti kompyuta ija tsopano ikulosera bwino ndipo palibenso yemwe wavulala. A Harun anauwerenga kawiri.

"Muwayankha?" anafunsa a Rehema, atasendera kukhutu lakumanja.

"Sindinapeze chonena," anatero a Harun, n'kuyamba kusanja mbatatesi m'ndowa.