Zagorka ndi Mtengo wa Tsabola

Zagorka ndakhala naye benchi imodzi mumsika wathu kuyambira chaka chimene fakitale ya nsalu inatsekedwa, tonse n'kutiuza kuti tizipita kwathu. Ine Milunka ndimagulitsa tchizi, iye tsabola wofiira. Mwamuna wake anamwalira kalekale n'kumusiyira kamunda ndi mwana mmodzi wamkazi, Biljana. Pakamwa posatseka paja sanachite kumusiyira munthu, anabadwa napo.

M'mawa uliwonse, asanayale n'komwe malonda, ankatenga nyuzipepala za dzulo zokulungira tsabola, kuvala magalasi ake omangirira chingwe m'khosi, n'kuyamba kutiwerengera. Akawerenga mzere umodzi, ndemanga zake zinkatenga tsamba lonse.

"Tamverani kuno anthu inu! Akuti chuma chathu chakula kuposa cha mayiko onse oyandikana nafe. Milunka, tapisa m'thumba mwako, mwina chakulira mmenemo."

Tinkamutcha Wailesi. Nduna ikalonjeza mlatho, iye ankafunsa ngati mtsinjewo abwera nawo. Penshoni ikakwera, ankatiuza kuti yakwera ndi mazira angati. Ngakhale otsatira chipani cholamula ankaseka, kenako n'kucheuka kuona ngati wina wawaona. Ine ndinkamukonda chifukwa cha pakamwa pomwepo, ngakhale masiku ena pankandiwawitsa mutu.

Amene sankaseka anali Biljana. Iye amaphunzitsa pa sukulu yamkaka ya khonsolo, koma sanalembedwe ntchito yokhazikika. Kontrakiti yake amaisainira miyezi itatuitatu, ndipo wosainayo ndi munthu wa chipani. Mwamuna wa Biljana anapita ku Jeremani kukafuna ntchito n'kungoti zii, kumusiya ndi kamwana. M'tauni yathu ntchito zinalipo zitatu zokha: khonsolo, msika ndi manda.

"Amayi, chonde muzitsitsako mawu," ankatero Biljana. "Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata."

"Iwe, kumsika kuja amandimva ndani? Kabichi?"

Chaka chatha mu Seputembala utsi wa tsabola wowotcha unadzaza m'mabwalo monga mwa nthawi zonse, aliyense akukonza ajvar wake, chiphalaphala cha tsabola chosunga m'mabotolo, wodzadya m'nyengo yachisanu. Koma mabotolo ambiri anakhala opanda kanthu. Tsabola anakwera, mafuta ophikira anakwera, nkhuni zinakwera, ndipo zisankho zinali pafupi. Ndiye kunabwera a wailesi ya kanema ya m'tauni mwathu, imene mwini wake ndi mlamu wa a meya. Mtolankhani wake, kamnyamata konunkhira mafuta odula, kanalunjika pa Zagorka.

"Azakhali, mitengo ili bwanji chaka chino?"

Zagorka anamwetulira, kumwetulira kwake kuja kosonyeza kuti wina apsa.

"Mitengo ili bwino kwambiri, mwana wanga. Ili bwino kwa amene akutibera. Ife enafe mafuta ophikira tikuthira ngati mankhwala a m'maso. Feteleza ndinagula mtengo wa ng'ombe. Ukawauze akuluakulu ako abwere adzadye manambala awowo, tione ngati akhute."

Msika wonse unaomba m'manja. Ine ndinachita kumupsompsona patsaya.

Madzulo ake pa nkhani tinamuona, wowala bwino pakati pa milu ya tsabola, akumwetulira. "Mitengo ili bwino kwambiri, mwana wanga." Basi. Zina zonse anadula. Pansi pake analemba kuti alimi akondwera ndi chuma cha dziko. Anamuonetsa tsiku limenelo, mawa lake, ndi mkuja, mpaka kumuika m'kanema wokopa anthu kuti avotere chipani.

Zimene zinachitika mumsika zimandipsetsa mtima mpaka pano. Anthu omwe aja anaomba m'manja, amene anamva zonse ndi makutu awo, anayamba kunong'onezana. Ati mwina anakajambulanso kwina. Ati tinaona ndi maso athu pa kanema. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa kuti ndinali pomwepo ine, inunso munali pomwepo, koma munthu amakhulupirira kabokosi ka pabalaza kuposa makutu ake. A Stojadin, mphunzitsi wopuma amene ankagula kwa Zagorka zaka zonsezi, anadutsa ngati pabenchi palibe munthu. Tsiku lina m'mawa tinapeza wina waika pa sikelo yake banzi ya nyama, mtundu uja amagawa kwa anthu owanyamula pa basi kukadzaza misonkhano ya chipani.

"Wailesi yagulidwa!" anakuwa wogulitsa mazira. "Zaga, anakupatsa mabanzi angati?"

Zagorka anatenga banziyo n'kuponyera galu.

"Loweruka kuli chikondwerero cha tsabola," anandiuza motsitsa. "Aulutsa pompopompo. Pompopompo sadula. Ndikalavula zonse, Milunka, mpaka adzazimitsa okha magetsi."

Lachisanu masana kunabwera Dragiša, kapitawo wa msika. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndipo ameneyu amayenda ngati msika anachita kubadwa nawo. Anaima pa benchi yathu, kutola tsabola mmodzi, kumutembenuza, osagula.

"Mayi Zagorka, mwatchukatu. A meya akondwa nanu zedi. Mawa a kanema ayambira pa inu."

"Ndikuwadikira," anatero Zagorka.

"Zabwino. Nanga Biljana ali bwanji? Ndamva kuti kontrakiti yake ikutha mwezi uno. Ana amamukonda mtsikana uja. Kungoti ofuna malo aja ndi ambiri, mayi, ambiri zedi." Anabwezera tsabola uja pamulu mosamala. "Mumupatse moni."

Atachoka, ndinayamba kumutukwana mpaka agogo ake. Zagorka sanandithandize. Kwa nthawi yoyamba chimudziwire, munthu anamulankhula iye osayankha.

Loweruka msika unadzaza ngati kuli zaulere. Aliyense anali atamva kuti Wailesi ilankhula, ndipo ngakhale amene anamunyoza aja anadzithithikiza pafupi kuti amve. A Stojadin anaima kutsogolo atapinda manja. Ndiyeno ndinaona chimene Dragiša sanatiuze. Ana a sukulu yamkaka anali atawaveka zipewa zofiira zonga tsabola kuti adzaimbire a meya, ndipo anawaimika moyang'anizana ndi benchi yathu. Wowatsogolera anali Biljana. Pambali pake panaima ahedi ake, osainira makontrakiti aja. Biljana sanayang'ane mayi ake. Anangogwada n'kumakonza chipewa cha mwana wina, chipewa chimene chinali chokhala kale bwino.

Kamnyamata kaja kanafika, kamera ili pambuyo, kanyali kofiira kakuyaka.

"Tili pompopompo kuno kumsika, ndipo tili ndi azakhali athu odziwika aja. Azakhali, tauzani anthu, mitengo ili bwanji?"

Zagorka anatsegula pakamwa, ndipo ndinaona mawu onse aja atafola pakhosi pake, a feteleza, a mafuta, a banzi ya pa sikelo. Anayang'ana kamera. Anayang'ana mwana wake. Kenako anavula magalasi n'kuwasiya alendewere pachifuwa.

"Mitengo ili bwino," anatero. "Tikuthokoza boma."

Kamnyamata kanadikira pang'ono, kali tcheru kuti kalande chimkuzamawu. Panalibe cholanda. Nthawi ino panalibe chodula.

Wogulitsa mazira analavula pansi. A Stojadin anagwedeza mutu n'kutembenuka, ngati munthu amene watsimikiza zomwe ankadziwa kale. Ana anayamba kuimba, Biljana akuwatsogolera ndi manja, misozi ikutsikira mpaka m'khosi. Ine ndinafuna kuswa kamera ija ndi mwala wa sikelo, koma ndinangogwira dzanja la mnzanga pansi pa benchi. Linali lozizira.

Kontrakiti ya Biljana anaisainira. Mpaka Disembala.

Zagorka amabwerabe m'mawa uliwonse, ndipo nyuzipepala amatengabe. Amazing'amba pakati n'kuziunjika pambali pa sikelo. Ogula ena anabwerera, poti tsabola wake ndi wabwino ndipo mimba siisunga chakukhosi, koma amagula n'kumapita. Palibenso woima kudikira ndemanga. Ndimasowa phokoso lija, ndipo msika wathu tsopano umandikwiyitsa. Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Iwe Zaga, akuti chiyani lero akuluakulu aja?"

"Magalasi ndaiwala kunyumba," anatero. Anali m'khosi mwake.

Tsabola atayamba kutha, Dragiša anadutsanso, manja ali kumbuyo.

"Mayi Zagorka, a kanema akuti abweranso nyengo ya kabichi. Cha kumapeto kwa Novembala uko. Kapena inu kabichi simugulitsa?"

Zagorka sanadzutse mutu. Anapitiriza kukulunga tsabola wa kasitomala, zilembo za nyuzipepala atazitembenuzira mkati.

"Ndidzakhala naye," anatero.