Malonje a bambo pa kamera ya Mjapani

Chaka chimene tinathamangitsidwa pafamu ya ku Selous, ine ndi bambo tinkakhala m'kachipinda ka lendi ku Pfupajena, m'tauni ya Chegutu, kutali ndi ku Malawi, kwawo kwa bambo. Mayi tinawasiya kumanda a pafamupo, ndipo eni atsopano sankalola munthu kupondako.

Kenako kunabwera Mjapani wina wachikulire, wopanga mafilimu. Ankafuna kujambula anthu opanda kwawo, choncho a kutchalitchi sanavutike, anangomulozera kwathu. Womasulira ndinali ine, poti Chingerezi ndinkachithyolako. Mjapaniyo anandiuza kuti iyenso anabadwira kudziko la eni, kumene makolo ake anapita kukasaka ntchito, ndipo nkhondo itatha anafika ku Japan ngati mlendo. Ntchito anayamba ndi kunyamula zingwe za magetsi mpaka kudzakhala wolamula onse, ndipo mafilimu ake ambiri anali a anthu ngati ife. Kagwiridwe kake kanali kosavuta: kuimika kamera, kukhala phee, n'kudikira.

Bambo anamva zawozawo. Kwa iwo, chinthu chochoka ku Chegutu kupita kutali chinayenera kudzera ku Malawi basi. Anali ndi mlongo wawo ku Dedza, yemwe anamusiya ali namwali. Makalata analeka kalekale, ndipo za maliro a mayi anali asanamuuze. Ndiye anavala jekete, anavula chipewa, anakhala pansi moyang'ana kamera n'kuyamba malonje. Anatchula mafamu onse amene anagwirako, ana amoyo ndi omwalira, mmodzimmodzi. Pomaliza anati, "Alamu anu aja anatisiya. Tinawaika konkuno, kutchire la eni. Ine ndilipo, sadza ndikudya."

Atamaliza anandifunsa, "Iwe, zikafika zimenezi?"

Ndinkadziwa kuti sizikafika. Ndinati, "Zikafika, baba."

Patapita zaka ziwiri kaseti inabwera. Tinakaionera kwa msuweni wanga ku Kadoma, tsiku limene magetsi anatikumbukira. Filimuyo inali yabwino, ndisaname. Bambo anaonekamo kanthawi kochepa, manja okha akupindapinda chipewa, mawu atachotsedwa, kukumveka mphepo yokha. Mjapaniyo sindinamukwiyire, anajambula zimene anadzera. Amene ndinagwidwa manyazi ndine.

Bambo anadikira mpaka zilembo zomaliza zitatha, mwina mawu awo angatulukire kumapeto. Kenako anavala chipewa chawo.

"Ndiye kuti kumudzi," anatero, "mayi ako akuwawerengabe amoyo."