A Tidzapita ndi Basi ya ku London

Ntchito yoyendetsa basi za alendo anandipezera ndi mkazi wanga, malemu Nachisale. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Corby, kukweza katunduyo ndi kagalimoto kotchedwa folokolifiti, ndipo msana unali utayamba kuvuta. Tsiku lina akuchokera kogula ndiwo ku Highfields, kuno ku Leicester, anaona kapepala pa windo la sitolo ya bambo wina wachimwenye wochokera ku Limbe. Kampani ina yaing'ono ya ku Wigston inkafuna madalaivala. Anakajambula pa foni kapepalako n'kudzandionetsa ndisanavule n'komwe nsapato.

"Kumudzi munkayendetsa basi m'maenje, mbuzi ndi matumba zili pamwamba," iye anatero. "Mungalephere kuno kumene msewu uli see ngati mbale?"

Laisensi ya kuno sinabwere msanga. Mayeso oyamba ndinalephera chifukwa tayala lakumbuyo linakwera mwala wa m'mphepete mwa msewu. Achiwiri ndinakhoza, ndipo ananditenga.

Woyang'anira madalaivala anali a Derek, mzungu wamfupi wa mawu ochepa. Ndiwo anandiphunzitsa kuti ntchito imayamba injini isanalire. Umazungulira basi yonse ndi tochi. Umaona matayala, n'kuona timapulasitiki tachikasu ta pa manati ngati tikulozanabe, chifukwa kamodzi kakatembenuka ndiye kuti nati yamasuka. Umayesa magetsi, oyilo, madzi, chitseko cha ngozi, chozimira moto ndi tinyundo tofiira tophwanyira galasi. Ukatha umalowetsa khadi lako mu takogirafu, kamakina kamene kamalemba maola onse amene wayendetsa. Ukakwanitsa maola anayi ndi theka uyenera kupuma mphindi 45, ndipo kamakinako sikamva kupepesa.

Koma lamulo limene a Derek ankalikonda koposa linali la kuwerenga anthu. Anandipatsa kachitsulo kodina ndi chala, kamene kamawonjezera nambala ukadina. "Werengani mitu popita kumbuyo, muwerengenso pobwerera kutsogolo," anatero. "Nambala ikasiyana ndi ya pa fomu, handibuleki isatsike. Basi yanga sisiya munthu."

Maulendo ambiri anali a tsiku limodzi a ku London: ana a sukulu, okalamba, magulu a mipingo. Anthu amaganiza kuti dalaivala wa alendo amaona dziko. Zoona zake n'zakuti ine ndinkatsitsa anthu m'mbali mwa mtsinje wa Thames, n'kupita ndi basi kumalo oimikako basi, kuseri kwa nyumba zakale za njerwa. Kumeneko ndinkasesa, kutola mabotolo, kudya kamba wanga ndi kuwerenga Baibulo mpaka nthawi yokawatenga.

Nachisale ankasamalira okalamba ku Wigston konko, ndipo zaka zonse zimene tinakhala ku Leicester anali asanaupondeko mzinda wa London. Mchemwali wake wa ku Ntcheu ankamuseka pa foni kuti mwina tinatsikira dziko lina, poti zithunzi zathu zonse zinali za pakhomo ndi za kutchalitchi. Iye ankafuna chithunzi chimodzi chokha, ataima pa mlatho, wotchi yaikulu yotchuka ya pa nsanja ija ili kumbuyo kwake. Pafupi ndi dalaivala pamakhala kampando kopinda ka woperekeza alendo, ndipo a Derek anali atandiuza kuti kakakhala kopanda munthu ndikhoza kumutenga.

"Loweruka lino bwanji?" ankandifunsa.

"Tidzapita," ndinkayankha. Mwina kunkazizira, mwina iye anali ndi shifiti, mwina ine ndinkangoona kuti London sathawa.

Mapeto ake liwu limenelo linasanduka dzina langa. Ndikalowa m'nyumba ankati, "Takulandirani a Tidzapita. Mwawasiya bwanji a mfumu?" Ngakhale mwana wathu Tadala, amene Chichewa amangomva koma kuyankha m'Chingerezi, mawu amenewo ankawatchula bwinobwino.

Atatopa nane, Nachisale anakopa amayi anzake a kumpingo kuti akonze ulendo wawo m'chilimwe. Anapita okha ku ofesi kukabukitsa basi, n'kupempha kuti woyendetsa ndidzakhale ine. Anaitanitsa zitenje zofanana kuchokera kumudzi, zobiriwira, kuti adzavale tsikulo. Pa mndandanda dzina loyamba linali lake. "Tsopano muone ngati mudzati tidzapita kwa amayi 38," anandiuza akuseka.

Anayamba kudwala mitengo isanaphuke. Ankati ndi kutopa chabe. Pamene madokotala ankaipeza nthendayo inali itafalikira kale, ndipo tinamuika m'manda kuno ku Leicester patatsala milungu isanu ndi iwiri kuti ulendo uchitike.

Amayi anafuna kuuimitsa ulendowo. Ine ndinawauza kuti mwini wake sakanakondwa. A Derek anandiitana mu ofesi n'kunena kuti apereka basiyo kwa dalaivala wina. Ndinawapempha kuti andisiyire. Anavomera, koma anati, "Mukaona kuti mutu sukukoka, imani mundiimbire. Palibe manyazi."

Tsikulo kunacha bwino. Ndinazungulira basi monga mwa nthawi zonse, ndinalowetsa khadi, ndinakawatenga amayi pa tchalitchi. Wotsogolera anali Mayi Tembo, mnzake wapamtima wa Nachisale, wochokera ku Chipata. Anakwera onse atavala zobiriwira, aliyense akundigwira dzanja ndi manja awiri. Ndinadina kachitsulo kanga popita ndi pobwerera: 37. Pa fomu ya ku ofesi panali 38. Dalaivala amayenera kukhwatcha nambala yakale, kulemba yoona n'kusaina. Ndinatulutsa cholembera, ndinayang'ana fomu, n'kubweza cholembera m'thumba. Ndinati ndikonza tikafika.

Pa msewu wa M1 amayi anayamba mwakachetechete, koma titadutsa Northampton zitumbuwa ndi mandasi zinayamba kuyenda m'mizere, ndipo kuseka kunabwerera. Sindinawaone kulakwa. Ndinawatsitsa m'mbali mwa mtsinje, ndinawauza kuti tikumane pomwepo faifi koloko, n'kupita kukaimika basi.

Nditasesa ndinakhala pansi kuti ndidye, koma buledi ndinangomubwezera m'chikwama. Ndinakhoma basi n'kuyamba kuyenda, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo m'zaka zisanu ndi chimodzi za ntchitoyo. Ndinangotsata kumene anthu ankalowera. Posakhalitsa ndinapezeka pa mlatho, wotchi yaikulu ili patsogolo panga, chigudumu chachikulu chokwerapo alendo chikuzungulira pang'onopang'ono kutsidya, maboti akudutsa pansi. Ndinayang'ana nthawi pa mkono. Kuchokera pa basi kufika pamenepo zinali mphindi makumi awiri zokha.

Bambo wina wachikulire, wa chilankhulo chimene sindinachizindikire, anandipatsa foni yake ndi kuloza mkazi wake. Anaima pamodzi, mayiyo akukonza kolala ya mwamuna wake. Ndinawajambula katatu kuti asankhepo. Bamboyo analoza ine, kufunsa ndi manja ngati nanenso ndikufuna chithunzi. Ndinapukusa mutu n'kubwerera ku basi.

Pamalo otengera anthu m'mbali mwa mtsinje salola basi kuima nthawi yaitali. Basi zina zimakhala zikudikira kumbuyo, ndipo woyang'anira msewu amayendayenda ndi kamakina kake. Amayi anafika pa nthawi yake, nsapato zina zili m'manja, akupikisana kundifotokozera. Wina anati asilikali a kunyumba ya mfumu avala zipewa ngati mitondo yaubweya. Wina anati njiwa za ku London n'zonenepa chifukwa palibe wozitchera. Mayi Tembo anati mayi wina anatseka maso ulendo wonse wa pa chigudumu, akupemphera mokweza mpaka azungu kumati amen.

Onse atakhala, ndinayenda ndi kachitsulo kanga. Popita, 37. Pobwerera, 37. Ndinayang'ana fomu: 38.

Zimene zinachitika pamenepo ndimazifotokoza monga zinalili, ngakhale sizindipatsa ulemu. Sindinakumbuke kanthu. M'mutu mwanga munangobwera lamulo la a Derek. Ndinawerenganso kachitatu. Kenako ndinatenga maikolofoni n'kunena kuti, "Amayi, tapereweramo mmodzi. Taonani mnzanu amene munakhala naye."

Amayi anayang'anana. Ine ndinatsika n'kuima pa chitseko, kuyang'ana m'khamu la anthu ngati ndingaone chitenje chobiriwira chikubwera. Ndinakwiyanso pang'ono mumtima, kuti munthu ameneyu nthawi zonse amatsalira pojambula zithunzi. Dalaivala wa kumbuyo analiza hutala. Woyang'anira msewu anabwera n'kuloza wotchi yake, ine n'kumuuza kuti ndikudikira munthu mmodzi.

Mayi Tembo anatsika n'kuima pambali panga. "Ba Mbewe," anatero motsitsa mawu, "manje mukuyembekeza ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule dzina. Pamenepo m'pamene ndinakumbuka.

Ndinakhala pa sitepe ya basi, kachitsulo kali m'manja. Pa maliro sindinalire pagulu, poti ndinali ndi Tadala woti ndimulimbitse ndi alendo oti ndiwalandire. Ndinalirira pamenepo, m'yunifolomu, pamaso pa alendo a mayiko onse. Mayi Tembo anakayankhula ndi woyang'anira msewu uja. Zimene anamuuza sindikuzidziwa, koma ndinamuona akubweza kamakina kake m'thumba n'kupita kukaimitsa basi ya kumbuyo pamalo ena.

Mutu sunkakoka, ndipo munthu wotero sanyamula miyoyo 37 pa M1. Ndinawaimbira a Derek n'kuwauza zonse. Iwo anati, "Ndikhoza kutumiza dalaivala wina, afika pakatha maola atatu. Kapena mukonze fomuyo. Koma musayendetse basi fomu isanakonzedwe."

Ndili pa foni, Mayi Tembo analowa m'basi n'kutuluka ndi chitenje chobiriwira chopinda bwino, chikadali ndi pepala la kusitolo. "Ichi n'chawo," anatero. "Tayenda nacho konse. Pa mlatho tinachitambasula, tajambula, wotchi ili kumbuyo. A ku Ntcheu tawatumizira kale." Anatsitsa kampando kopinda kaja, anaika chitenjecho, n'kuchimanga lamba ngati munthu. "Afika ku London, Ba Mbewe. Manje tiyeni tiwaperekeze kunyumba."

Ndinamwa madzi. Ndinapemphera pemphero lalifupi, la mawu osaposa asanu. Kenako ndinatenga cholembera, ndinakhwatcha 38, ndinalemba 37, n'kusaina. Pa mapepala onse amene ndinasaina chimwalirireni Nachisale, a kuchipatala ndi a kumanda, limeneli ndilo linandilemera. Ndinatsitsa handibuleki, ndipo tinafika ku Leicester dzuwa likadalipo, poti m'chilimwe kuno limachedwa kulowa.

Ntchitoyi ndikugwirabe. Madalaivala atsopano ndimawaphunzitsa za manati ndi za takogirafu, ndipo ndimawauza kuti fomu azikonza m'mawa momwemo, asananyamuke, ngakhale nambalayo ikhale yowawa bwanji. Za kampando kopinda ndimawauzanso, kuti kakakhala kopanda munthu azitenga wa kunyumba.

Mwezi watha Tadala anandiimbira kuchokera ku Nottingham kumene akuphunzira. Anati akufuna tidzapite tonse ku Ntcheu, akaone kumene mayi ake anakulira. Mawu aja akuti tidzapita anafika pa lilime okha, monga mwa chizolowezi. Ndinawameza.

"Tenga kalendala," ndinamuuza. "Unditchulire tsiku."