Nkhuku ya ku Mexico ya Azakhali

Dzulo ndinafinyira lalanje mumphika wa nyama ya nkhumba, fungo lake n'kundibwezera kukhitchini kwathu ku Wigston, ku England.

Amayi anaphunzira kuphika kanitasi kwa nesi mnzawo wa ku Mexico: nkhumba yowira m'mafuta ake omwe, ndi malalanje, mpaka kumanyotsoka yokha. Vuto linali azakhali a ku Oadby, tauni yoyandikana nafe, amene mpingo wawo umati nkhumba ndi tchimo. Akabwera Lamlungu, amayi ankangoti, "Alamu, lero ndi nkhuku ya ku Mexico."

Ine ndinkakhulupirira. M'mutu mwanga inali chinkhuku chonga galu wa aneba, chopanda mapiko.

Tsiku lina tikudya ndinafunsa, "Azakhali, nanga mazira ake amakhala aakulu bwanji?"

Abambo anatsamwa. Amayi anandiponda phazi. Azakhali anapukuta mafuta pachibwano, n'kutapanso ina.

"Mwana iwe, za ku Mexico zisiye ku Mexico. Ndipatsire tsabolayo."

Pano ndi pamene ndimaseka. Munthu wokulira ku Ntcheu, wodziwa nkhuku kuyambira mlomo mpaka zipalapasiro, sanafunsepo ngakhale kamodzi kuti mwendo uli kuti.