Nkhope ya Amayi pa Banala

Aise, takhalani kaye pansi, foni ilowe m'thumba pang'ono, ndikuuzeni chimene chandisowetsa mtendere sabata yonseyi. Lolemba ndikudutsa pa Lirangwe, wina amaotcha zinyalala kuseri kwa golosale. Fungo la pulasitiki yopsa lija litangondilowa m'mphuno, basi, ndinabwerera pomwe ndinali ndi zaka khumi. Mufoni mwangamu zithunzi zadzaza memore, za mbuzi za eni ake zomwe zilimo, koma cha amayi anga mulibe. Chithunzi chawo chinali chimodzi chokha padziko lino, ndipo amene anachiwononga ndine.

Amayi anali ndi katiyirumu m'mbali mwa msewu, pamene amaima maminibasi ochokera ku Blantyre. M'katimo munkanunkhira tiyi wamkaka, sikono ndi utsi wa mbaula. Ababa ankakhala pakhonde pomwepo, ntchito yawo kukonza malona a magalimoto ndi mabanala ong'ambika, zikwangwani zapulasitiki zija amapachika pamasitolo ndi pamatchalitchi. Chaka chimenecho anawatenga amayi kupita nawo m'tauni kukajambulitsa, anabwerako ndi banala yaikulu. Pamwamba panalembedwa kuti Tiyirumu ya Nachisale, pansi amayi atanyamula ketulo, duku lachikasu, akuseka mpaka kampata ka m'mano kakuoneka. Makondakitala ankawaseka kuti, "Masteni, mwasanduka a pa kampeni?" Iwo ankangoti, "Ndivotereni ndi tiyi, ana inu."

Inali nyengo ija dzuwa limaotcha mpaka phula la mumsewu kufewa, mango ali mbwee, mapazi athu ali tuu ndi fumbi. Ndege ikamatsikira ku Chileka tinkasiya mpira wathu wa majumbo n'kumaibayibitsa ngati mwakwera achibale. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pafupi ndi ababa, osati kuwathandiza ayi, kungowalongolozera. Koma maso ankaona. Banala yong'ambika ankayamba aitsuka ndi sopo, n'kuiyanika pamthunzi mpaka iume gwa. Kenako ankaigoneka chafufumimba, chifukwa chigamba amaika kumbuyo, osati kumaso. Makona a chigambacho ankawadula mozungulira kuti mphepo isapeze pogwira. Guluu ankapaka mbali zonse ziwiri, n'kudikira mpaka asiye kumata chala, kenako kupsinja ndi botolo. Pomaliza ankayala chinsanza chokhuthala pamwamba n'kudutsitsapo simbi ya makala yofunda chabe, kamodzi, fyuu. Ine pa zonsezi chimene chinandilowa m'mutu ndi simbiyo basi.

Ndiye kunabwera mvula yoyamba ija, yamkuntho. Madenga a anthu anauluka, ngumbi zinatuluka, dothi linanunkhira bwino. Koma banala yathu chingwe chimodzi chinaduka, inamenyetseka pa msomali wa denga, n'kung'ambika kuchokera pa duku, kudutsa pamphuno, mpaka pachibwano. Ababa anaitsitsa, anaiyang'ana nthawi yaitali, anati iyi ndi yaing'ono, ikhoza kubwerera osaoneka n'chipsera chomwe. Anaitsuka, anaiyanika kuseri. M'mawa mwake anakwera kabaza kupita ku Chileka, kumene mphepo yomweyo inang'amba banala ya tchalitchi china. Akunyamuka anandiloza chala. "Chifundo, usaikhudze. Isiye iume."

Aise, mukundidziwa ine, kudikira sindinabadwe nako. Mawa lake linali tsiku la msika, ndipo ndinkaona ngati tiyirumu yopanda banala ili maliseche. Komanso, ndisaname, ndinkafuna ababa akabwera apeze yapachikidwa kale, anene pamaso pa makasitomala kuti mwana uyu ndi dolo. Amayi anali kalikiliki ndi anthu m'kati. Ndinaikokera banala ija pansi pa mtengo wa mango, ikadali ndi chinyontho. Kuigoneka chafufumimba ndinaona ngati n'kupusa, ungalumikize bwanji nkhope osaiona? Ndinaiyala chagada, amayi akundisekerera. Chigamba ndinachilowetsa kunsi, guluu ndinathira ngati ndikuthira msuzi. Sizinagwire. Kung'ambika kuja kunkangoyasama.

Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira simbi. Ndinapala makala ofiira pa mbaula ya amayi, ndinadzaza, ndinaipukusa mumphepo mpaka inayaka bwino. Za chinsanza sindinaganizeko. Ndinaikhazika pankhope pompo, n'kutsamirapo ndi thupi langa lonse, ndikuwerenga mpaka teni kuti igwire zenizeni.

Fungo linayamba ndilo. Nditanyamula simbi, pulasitiki inatsatira ngati chingamu, ulusiulusi wakuda. Pamene panali maso, mphuno ndi kampata kaja panatsala dzenje lokwinyika m'mbali. Duku linalipo. Ketulo inalipo. Dzanja lawo ndi chibangiri linalipo. Amayi okha ndi amene panalibe. Ndinayesa kukanda nkhope ija kunsi kwa simbi ndi kamtengo, ngati ingabwerere, ndinangopsa chala.

Amayi anatuluka atamva fungo, akuganiza kuti kwapsa sikono. Anaima, anayang'ana, kenako anaseka, aise, anaseka mpaka kugwira mtengo. "Mwana iwe, wandisita nkhope? Makwinya anakuvuta?" Atandiona ndikulira anandipukuta ndi chitenje, anandiviika chala m'madzi. Anati ndisiye kulira, nkhope yeniyeni ali nayo iwo, ina tidzajambulitsa tikakolola.

Ababa anafika dzuwa likupendeka. Ine ndinali nditakonzekera mkwapulo, ndinavala makabudula awiri. Sanandimenye. Ananjuta, anapitisa chala m'mbali mwa dzenje lija, anati, "Chong'ambika chimasokeka, mwana wanga. Chopsa ayi." Anaipinda bwinobwino, mbali ya chithunzi m'kati monga ankachitira ndi za makasitomala, n'kukaiika pansi pa bedi. Ine mumtima ndinati ndapulumuka. Mawa lake ndinali ku mpira.

Sitinajambulitse. Titakolola kunali zina, kenako amayi anayamba kudwala, mvula yotsatira isanathe tinawaika m'manda kwathu ku Chigaru. Ababa anapita m'tauni kumene anasindikiza banala kuja, anapeza shopu inatsekedwa, muli ogulitsa nsapato. Anazungulira kwa achibale onse, palibe amene anali ndi chithunzi. Nthawi imeneyo kumudzi kwathu foni yojambula inali ya anthu owerengeka.

Ndili mwana ndinkaona ngati tsiku lija ndinawononga chikwangwani ndipo ndinachita mwayi osamenyedwa. Pano ndi pamene ndikuona kuti mkwapulo ukanakhala bwino, ukanatha tsiku lomwelo. Mlongo wanga wamng'ono, Tadala, anali wa zaka ziwiri amayi akumwalira. Akandifunsa kuti ankaoneka bwanji ndimangoti anali ndi kampata m'mano, chifukwa nanenso zina zayamba kufufutika. Ababa mpaka lero sanayambe andikumbutsapo. Akadali pakhonde lija, maso akuvuta, ulusi ndimawalowetsera ndine m'singano ndikapitako.

Ndiye Lolemba lomwelo ndinakafika kunyumba kwa ababa, ndinasuzumira pansi pa bedi. Ilipo, yopindidwa momwe muja. Mnzanga wina wa za makompyuta wandiuza kuti ndingoijambula ndimutumizire, pali pulogalamu imene ingadzaze dzenje lija ndi nkhope, bola ndiifotokozere, ndiipatsenso chithunzi cha Tadala poti amati anatengera amayi. Akuti idzatuluka yoyera bwino, munthu osadziwa. Tadala akufuna, wanditumizira kale mavoisi anayi. Koma ine ndikuopa. Imeneyo idzakhala nkhope yongopeka, ndipo tikaiyang'ana kawiri katatu, kaja kakang'ono katsala m'mutu mwanga ndi mwa ababa kadzathawa, tizidzakumbukira mayi wa pakompyuta. Ndinaiwononga kamodzi chifukwa cha phuma, pofuna kukonza chimene ababa anandiuza kuti ndichisiye.

Ababa sindinawauze. Foni ili m'manjamu, chithunzi cha banala ndajambula kale, changotsala n'kudina kuti chipite. Inuyo aise, mukanakhala ine, mukanatumiza, kapena mukanaibweza pansi pa bedi ndi dzenje lake lomwelo?