Laisensi ya nkhumba yathu

Chaka chimene tinasamukira ku Mzimba, amuna anga ankayendetsa lole yonyamula matabwa kuchokera ku Chikangawa. Ine ndinkakhala pakhomo ndi ana. Kuseri kwa nyumba tinali ndi nkhumba imodzi imene tinagula ku Embangweni ili kamwana. Inkadya madeya m'mawa ndi madzulo, koma chimene chinkakula ndi mutu wokha. Nthiti zonse zinali pamtunda.

Tsiku lina mlangizi wa zaulimi, munthu wa komweko, ankadutsa pa njinga akuthamangira kumsonkhano. Amuna anga anamuimitsa kuti aione. Anasuzumira m'khola n'kupukusa mutu.

"Adada, madeya okha sangakwane," anatero. "Nkhumba iyi ilibe laisini. Popanda laisini, mbwenu chakudya chikungodutsa m'mimba."

Anakwera njinga yake n'kumapita. Amuna anga anatsala ataima, nkhope itagwa.

"Mayi, mwamva? Nkhumba yathu ilibe laisensi."

"Nanga laisensi ikugwirizana bwanji ndi m'mimba, bambo?"

"Zaboma inu simuzidziwa."

Sindinatsutse. Masiku amenewo munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, ndiye zoti nkhumba nayo ikufunika pepala sizinandidabwitse kwenikweni. Ndinayamba kuopa anansi. Tinatchinga khola lonse ndi masaka, ndipo ikalira ana ankaimba nyimbo mokweza.

M'mawa mwake amuna anga anavala jekete n'kupita kumaofesi a pa boma. Khomo loyamba anawatumiza kwina, kwinako anawabwezera koyamba. Kalaliki wina anawafunsa ngati nkhumbayo ili ndi matayala. Wina, poopa kunena kuti sakudziwa, anawauza kuti akabwere nayo kuti aione. Akutuluka kukafuna chingwe, amuna anga anakumana ndi mlangizi uja pakhonde.

Mlangiziyo anaseka mpaka kukhala pansi pa masitepe. Atapuma anawafotokozera kuti laisini ndi kanthu kena ka m'zakudya zomanga thupi. M'chimanga mulibe kokwanira, ndipo kakasowa, thupi la nkhumba limalephera kugwiritsa ntchito zomanga thupi zinazo. Anati tizisakaniza madeya ndi soya wokazinga, chifukwa wamuwisi sagayika bwino m'mimba, komanso kausipa kosinja kodzaza dzanja limodzi.

Zonsezi ine ndinazimva kutchalitchi, kwa mkazi wa kalaliki wa matayala uja. Amuna anga atafika kunyumba anangoti, "Chotsani masaka aja. Boma lati tiziipatsa usipa."

Manyazi anawasandutsa katswiri. Anapangana ndi dalaivala mnzawo woyenda njira ya ku Nkhata Bay, yemwe anabweretsa thumba lathunthu la usipa. Za dzanja limodzi anaziiwala, iwo ankathira mbale yodzaza. Ana anga ankadya mphangwe, masamba a tsiku ndi tsiku aja, maso ali kukhola. Wamng'ono ndinamupeza tsiku lina atagwada pa chodyera, akutola usipa, nkhumba ikumukankha ndi mphuno.

Kunena zoona, inanenepa. Khungu linasalala, miyendo inangotsala pang'ono kubisika. Amuna anga akabwera ku Chikangawa ankayamba kulonjera iyo, ife pambuyo. Ankaitana anthu odutsa kuti adzaione n'kumawaphunzitsa za laisini ngati anabadwa akumudziwa.

Pa Khirisimasi tinaipha. Tinaitana anansi ndi mkulu wa mpingo, bambo wachikulire wofatsa kwambiri. Nditangoika nyama pamoto ndinamva fungo limene silinali la nkhumba. Ndinathira anyezi, tomato, tsabola, koma fungo linakana. Nyama yonse, mpaka mafuta omwe, inkanunkha usipa.

Alendo anadya mwakachetechete. Mkulu wa mpingo anatafuna nthawi yaitali, akuyang'ana fupa limene linali m'mbale mwake.

"Yewo chomene, amama," anatero. "Somba yakunowa, yokoma ndithu. Koma ine chibadwire sindinaonepo nsomba ya mafupa akulu chonchi."

Mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka kapena ankanenadi zoona. Amuna anga anatuluka, ati kukaona ngati matayala a lole ali ndi mpweya.

Palibe mlendo anavomera kutengako nyama popita kwawo. Yotsalayo ndinaiwamba pamoto, ndipo tinaidya tokha mpaka chimanga chitamasula ngayaye, amphaka a mzere wonse wa nyumba atasamukira pakhonde pathu. Nkhumba yotsatira ndinkaidyetsa ndine. Usipa ndinkayeza ndi dzanja langa, ndipo ndinkausiyiratu kukatsala mwezi kuti tiiphe.